Tafika ku Istanbul ndi ndalama zochepa koma mtima wanga wakana: tichoke kapena tipirire?

"Zikomo. Ine ndi mnzanga tinasunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti tidzaone mzinda wa Istanbul ku Turkey. Tinagula tikiti yotchipa ndipo ndege yathu inatera pa bwalo la Sabiha Gökçen cha m'ma 1 koloko usiku. Wa takisi anatilipiritsa ndalama zomwe tinkati tidyera masiku awiri. Malo ogona omwe tinapeza ali ku Aksaray, kachipinda kopanda zenera, phokoso usiku wonse. Kutacha tinatuluka: anthu piringupiringu, ena akutikoka kuti tigule zinthu, palibe womwetulira. Ndabwerera m'chipinda ndalira. Mnzangayo akuti zonse zili bwino, iye akusangalala, zomwe zikungondipsetsa mtima. Tatsala ndi masiku 9. Kodi vuto ndi ine kapena mzindawu ndi woipa basi? Tisinthe tikiti tibwerere, kapena tipite mzinda wina?" Wokhumudwa

Achemwali, pepani kwambiri. Kulira kwanuko sikukundidabwitsa, ndipo sikukutanthauza kuti ulendo wawonongeka. Ndakhala ndikulangiza anthu oyenda ndi thumba lopepuka kwa zaka zambiri, ndipo mauthenga onga anuwa amafanana pa chinthu chimodzi: amalembedwa tsiku loyamba kapena lachiwiri, munthu asanagone tulo tokwanira. Ambiri mwa olembawo ndikadzamva za iwo sabata ikutha, nkhani imakhala itasintha. Sindikukulonjezani kuti inunso mzindawu muukonda. Alipo amene amachoka osaukonda ndithu, ndipo sanalakwe. Chomwe ndikukana n'chakuti muugamule mlandu lero, chifukwa umboni womwe muli nawo ndi wochepa. Tikiti musaikhudze kaye. Dzipatseni masiku awiri.

Ndiyambe ndi pomwe munalowera. Munthu wandalama ndi munthu wowerengera khobidi lililonse amafika mumzinda umodzi womwewo, koma makomo awo ndi osiyana. Wandalama amatera masana, galimoto ya hotelo ikumudikira, zenera la chipinda chake likuyang'ana kunyanja. Ife a tikiti yotchipa timalowera kuseri kwa nyumba, kumene kuli dzala ndi miphika yosatsuka, kenako n'kumati eni nyumba ndi auve pabalaza tisanafike n'komwe. Makampani a ndege zotchipa amatsitsa mtengo posankha maola omwe anthu ena sawafuna komanso mabwalo akutali. Wogula tikiti yolembedwa kuti Paris n'kukatera ku Beauvais amakhala atatsala ndi makilomita pafupifupi 85 kuti afike mumzindamo. Bwalo la Hahn limatchulidwa ndi dzina la Frankfurt koma lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Lanulo la Sabiha Gökçen lili mbali ya ku Asia, pomwe Aksaray ali mbali ya ku Ulaya, kutsidya kwa madzi a Bosphorus. Ulendo wautali wotero, usiku, muli otopa, chilankhulo simukuchimva, metro (sitima ya pansi pa nthaka) yasiya kuyenda: wa takisi wosaona mtima amadziwa kuti nthawi imeneyo mulibe kolowera.

Malo ogona otchipa nawonso amaunjikana pamalo amtundu umodzi m'mizinda ikuluikulu, pafupi ndi masiteshoni a sitima, madepoti a basi ndi misika yoodako katundu. Ku Delhi ndi ku Paharganj, moyang'anizana ndi siteshoni yaikulu. Ku Bangkok ambiri amathamangira ku Khao San Road. Ku Istanbul, Aksaray ndi Laleli, madera ogundizana, ndi kwa amalonda. Anthu ochokera ku Russia, ku mayiko a Aluya, ku Africa ndi kwina amabwera kudzaoda zovala, nsapato ndi zikwama. Mukaima pakhomo m'mawa muona anyamata akukankha ngolo zodzaza mabelo okulungidwa m'mapulasitiki n'kumatidwa ndi tepi mbali zonse, akukuwa kuti muwapatukire. Nkhope zosamwetulirazo ndi za anthu omwe ali pa ntchito, katundu akufunika achoke dzuwa lisanalowe. Sakudana nanu, sakukuonani n'komwe. Mzindawu uli ndi anthu oposa 15 miliyoni, ndipo inu mwaona misewu itatu kapena inayi ya dera limodzi lotanganidwa koposa.

Kenako pali thupi lanu, lomwe anthu amaliiwala msanga akamafotokoza chifukwa chomwe malo awaipira. Munafika pakati pa usiku, munakangana ndi wa takisi, munagona pa bedi lachilendo, ndipo ndikhulupirira kuti m'bandakucha munadzidzimuka ndi kuitanira mapemphero kuchokera m'mizikiti yapafupi. Mu 2016 ofufuza a ku Brown University ku America anasonyeza kuti usiku woyamba pamalo achilendo mbali imodzi ya ubongo sigona tulo tofa nato, imakhala ikumvetsera kaphokoso kalikonse. Ndiye ngakhale chipindacho chikanakhala chabwino, mukanadzukabe ofooka. Onjezerani njala, chifukwa munthu wopweteka mtima ndi ndalama za takisi amayamba kudzimana chakudya kuti abweze zomwe zatayika. Onjezeraninso ludzu, poti m'ndege mpweya ndi wouma ndipo madzi a pabwalo la ndege ndi odula. Munthu wosagona, wanjala ndi waludzu amaona choipa chokhachokha.

Palinso ntchito yomwe mutu wanu ukugwira inu osadziwa. Komwe munazolowera simuganiza za momwe mungawolokere msewu, momwe mungapatsire munthu moni, kapena ngati mtengo womwe mwauzidwa ndi woona. Komwe muliko chilichonse ndi funso. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Kalervo Oberg, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1950: munthu akachotsedwa pakati pa zizindikiro zomwe anakula nazo amagwidwa ndi nkhawa, amapsa mtima ndi tinthu tating'ono, amayamba kuganiza kuti aliyense akufuna kumubera, ndipo amalakalaka kwawo. Werenganinso uthenga wanu muone ngati sizikufanana. Ndipo kukhumudwa kumakula malinga ndi kukula kwa chiyembekezo. Dokotala wina wa ku Japan, Hiroaki Ota, yemwe ankagwira ntchito ku Paris m'ma 1980, anaona alendo ena ochokera kwawo akudwala kumene chifukwa Paris yemwe anamupeza sanali uja wa m'maganizo mwawo. Inu mwakhala miyezi mukuyang'ana zithunzi za mizikiti dzuwa likulowa. Wojambula zithunzizo sanakusonyezeni msewu wakumbuyo kwake, komanso sanajambule fungo la utsi wa magalimoto.

Za ndalama za takisizo, zapita, zisiyeni. Ndikudziwa kuti n'zosavuta kunena. Koma tsiku lofika ndi lodula pafupifupi kwa aliyense, ngakhale amene sanaberedwe, chifukwa ndi tsiku lomwe sudziwa mtengo wa chilichonse. Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri n'chakuti munthu amatenga zomwe wawononga tsiku loyamba n'kuchulukitsa ndi masiku onse a ulendo, kenako mantha. Masamu amenewo ndi abodza. Kuyambira mawa mukhala mukuyenda pa tramu (kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda) ndi pa sitima zapamadzi, osati pa takisi. Dziwaninso kuti mitengo yomwe munawerenga pa intaneti pokonza ulendo mwina inali yakale. Ndalama ya kumeneko, lira, yakhala ikugwa mphamvu kwa zaka zingapo, moti chakumapeto kwa 2022 kukwera kwa mitengo ku Turkey kunadutsa 80 peresenti pa chaka. Wogulitsa akakuuzani mtengo woposa womwe munalemba m'kabuku kanu, si nthawi zonse pomwe akukudyerani masuku pamutu. Khalani pansi ndi mnzanuyo, werengani zomwe zatsala, chotsani za malo ogona ndi za ulendo wobwerera ku bwalo la ndege, zotsalazo gawani ndi masiku 9. Nambala yeniyeni, ngakhale ikhale yaing'ono, imatonthoza kuposa nambala yongoiganizira uli chigonere m'chipinda chopanda zenera.

Tsono mawa muchite izi. Dzukani mochedwa, idyani chakudya chotentha musanapite kulikonse. Pa siteshoni ya tramu gulani Istanbulkart pa makina, ndi khadi lomwe mumathiramo ndalama n'kumalipirira tramu, metro, basi ndi sitima zapamadzi. Kwerani tramu ya T1, yomwe imadutsa m'dera lanulo, mukatsike ku Eminönü. Pamenepo kwerani sitima yapamadzi yopita ku Kadıköy kapena ku Üsküdar. Musakwere za alendo zomwe madobadoba akhale akukuitanirani pagombepo, kwerani ya anthu wamba opita ku ntchito, yomwe mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa tramu. Khalani panja, chakumbuyo. Pabwera bambo atanyamula thireyi ya tiyi m'timatambula tagalasi topyapyala pakati, tiyi wofiira wopanda mkaka, timibulu ta shuga tili pambali. Ana akhala akunyema simit, kabuledi kozungulira kowazidwa chitowe, n'kumaponyera mbalame zomwe zimatsatira sitimayo n'kumawakha m'malere. Mukacheuka muona mzinda wakale wonse uli pa zitunda zake: mzikiti wa Süleymaniye, Hagia Sophia (tchalitchi chakale chomwe chinamalizidwa m'chaka cha 537, pano ndi mzikiti), nyumba ya mafumu ya Topkapı, ndi nsanja ya Galata mbali inayo. Ulendowu ndi wa mphindi ngati 20. Palibe amene akukokeni dzanja, ndipo kwa nthawi yoyamba muuona mzindawu muli pataliko, osati uli pamphuno panu.

Chifukwa chomwe ndimatumizira anthu pamadzi, kapena pamalo okwera ngati mzinda ulibe madzi, n'chakuti mantha ambiri a tsiku loyamba amachokera pa kusadziwa komwe uli. Ukaona kuti uku ndi kumene ndagona, uko ndi kumene ndinatera, apo ndi pamene pali msika, mutu umayamba kujambula mapu akeake ndipo mtima umatsika. Ikaninso mapu a mzindawu mu foni pomwe muli pa Wi-Fi kuti azigwira ntchito ngakhale mulibe intaneti, ndipo tengani kakhadi ka malo omwe mukugona kolembedwa adiresi m'chilankhulo chawo.

Ku Kadıköy yendani m'timisewu ta msika, momwe anthu akugula nsomba, tchizi ndi zipatso za kunyumba kwawo. Pa nkhomaliro funani malo olembedwa kuti lokanta, makamaka omwe mwadzaza anthu ogwira ntchito. Chakudya chimakhala chophikaphika kuseri kwa galasi, mumangoloza ndi chala chomwe mukufuna. Malo omwe ali ndi munthu pakhomo wokuitanani m'zilankhulo zisanu, adutseni. Za malo otchuka, musathamange nazo. Kuyambira mu 2024 alendo akunja amalipira kuti alowe mu Hagia Sophia ndipo si ndalama yochepa kwa munthu wa thumba ngati lanu, koma mzikiti wa Sultanahmet womwe wayang'anizana naye ndi wa Süleymaniye mumalowa ulere, bola ikhale nthawi yomwe si ya mapemphero, muvule nsapato, ndipo inu amayi mufunde mpango kumutu. Tsiku limodzi, chinthu chimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chipindacho ndiye ndili ndi maganizo ena. Pa zonse zomwe mwadandaula, ichi chokha ndi chomwe sichisintha pachokha. Chipinda chopanda zenera chimasokoneza tulo chifukwa thupi silidziwa kuti kwacha, ndipo chimapangitsa munthu wokhumudwa kale kumva ngati watsekeredwa. Yambani ndi kupempha eni ake kuti akusinthireni, nthawi zambiri chimakhalapo china ndipo amangodikira wopempha. Zikakanika, onani malamulo a momwe munalipirira, ngati angakubwezereni za masiku otsala. Mukaganiza zosamuka, kaoneni malo atsopanowo masana ndi maso anu musanapereke ndalama: loko wa chitseko, bafa, posungira katundu, ndi potulukira moto utabuka. Kwa anthu awiri a ndalama zochepa ndimakonda hositelo yokhala ndi khitchini ndi pochezera, ngakhale ikwereko mtengo pang'ono. Mumaphika nokha, komanso mumakumana ndi anthu omwe afika masiku atatu inu musanafike, omwe akudziwa kale basi yoyenera ndi malo odyera osaba. Uphungu wa munthu wotero umaposa wanga, chifukwa ndi wa dzulodzuloli.

Mnzanuyo musamukwiyire. Anthu awiri pa ulendo umodzi salandira zinthu mofanana, ndipo kawirikawiri amasinthana: wosangalala tsiku loyamba amadzagwa ulesi tsiku lachinayi, pomwe winayo wayamba kumasuka. N'kuthekanso kuti akudzilimbitsa chifukwa waona kuti inu mwafooka. Muuzeni mosabisa kuti lero simukufuna kulimbikitsidwa, mukufuna kugona ndi kudya. Ngati iye akufuna kuzungulira, apite kwa maola angapo masana, mugwirizane nthawi ndi malo okumanirana.

Komabe sindikufuna mumve ngati ndikuti zonse zili m'mutu mwanu. Akathyali alipo, ndipo amasaka anthu ooneka kuti angofika kumene. Wopolisha nsapato amagwetsa bulashi patsogolo panu ngati mwangozi, mukamutolera amakuthokozani pokupukutirani nsapato, pomaliza n'kufuna ndalama zambiri. Cha ku Taksim ndi mumsewu wa İstiklal munthu wovala bwino, wolankhula mwaulemu, amayamba kucheza nanu n'kukuitanirani ku bala yomwe akuti amaidziwa, bilu ikabwera ndi yoti simungaikwanitse ndipo pakhomo paima anthu amphamvu. Izi zimagwera kwambiri amuna oyenda okha, koma dziwani. Pa takisi onetsetsani kuti mita yayatsidwa, ndipo popereka ndalama ya pepala itchuleni mokweza, chifukwa ena amaisintha mwachangu n'kukuonetsani yaing'ono kuti ndi yomwe mwapereka. Pa makina a ATM, akakufunsani ngati mukufuna kuti akuwerengereni m'ndalama ya kwanu kapena mu lira, sankhani lira. Njira inayo imaoneka yothandiza koma mtengo wosinthira umakhala woipa. Mizinda ina ili ndi zakezake. Ku Bangkok amakuuzani kuti nyumba yachifumu ya Grand Palace yatsekedwa lero kuti akutengereni ku sitolo ya miyala yamtengo wapatali, ku Delhi amakuuzani kuti hotelo yanu inatsekedwa. Chinyengo chake n'chimodzi: munthu amene wakupezani yekha, ali ndi chifundo chopitirira muyeso, ndipo akufuna musinthe komwe mumapita. Mukasochera funsani munthu amene mwamusankha inu, monga wogulitsa m'sitolo kapena mayi woyenda ndi ana.

Chomwe muyenera kusiyanitsa ndi kusasangalala ndi kusatetezeka. Phokoso, khamu la anthu, nkhope zolimba ndi chakudya chachilendo ndi kusasangalala, ndipo kumachepa tsiku ndi tsiku. Koma ngati wina akukutsatirani, ngati wogwira ntchito pamalo ogonapo akulowa m'chipinda mwanu popanda chilolezo kapena akulankhula zosayenera, ngati chitseko sichikhomeka, ngati wina wakulandani pasipoti n'kukana kubweza, pamenepo musadikire masiku awiri aja. Chokani tsiku lomwelo, ndalama zomwe munalipira zisakumangeni. Mumsewu lowani m'sitolo kapena m'malo odyera momwe muli anthu. Nambala ya zadzidzidzi ku Turkey ndi 112, ya apolisi, ambulansi ndi ozimitsa moto yomweyo. Pasipoti ikatayika kapena kubedwa, yambani kwa apolisi kuti akupatseni lipoti, kenako lankhulani ndi ofesi ya kazembe yomwe imayang'anira nzika za dziko lanu. Likulu la dziko la Turkey ndi Ankara, ndiye akazembe ambiri ali kumeneko, ngakhale mayiko ochuluka ali ndi maofesi ang'onoang'ono ku Istanbul. Jambulani pasipoti yanu lero lomwe, chithunzicho mudzitumizire pa imelo.

Pa za thanzi, kutsekula m'mimba kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachitikira apaulendo ambiri. Imwani madzi a m'botolo ochuluka ndi mankhwala obwezera madzi m'thupi, omwe mungawapeze ku famase, kumeneko yolembedwa kuti eczane. Koma mukaona magazi m'chimbudzi, thupi likatentha kwambiri, mukamasanza chilichonse chomwe mwamwa, kapena zikapitirira masiku atatu, pitani kuchipatala. Ngati muli ndi inshuwalansi ya paulendo, aimbireni kaye akuuzeni chipatala chomwe amagwira nacho ntchito. Za mumtima nazo zili ndi malire ake. Kulira tsiku loyamba si matenda. Koma mukatha mausiku atatu osagona ngakhale mwasintha chipinda, mukamalephera kudya, mtima ukamathamanga mpaka kubanika, mukamaopa kutuluka pakhomo, kapena maganizo odzipweteka akabwera, uzani mnzanuyo nthawi yomweyo ndipo mukaonane ndi dokotala. Ngati munali pa mankhwala a nkhawa kapena a matenda ena musanyamuke, onani ngati kusokonekera kwa maola a ulendo sikunakudumphitseni kumwa. Zikafika pamenepo, kubwerera msanga ndi nzeru ndithu, osati manyazi.

Nanga masiku awiri akatha, mwagona, mwadya, mwawoloka madzi, koma mtima ukukanabe? Ndiye kuti mwina mizinda ikuluikulu si yanu, ndipo mwaphunzira kanthu kothandiza pa maulendo a m'tsogolo. Ngakhale apo, kusintha tikiti ya ndege kukhale komaliza, chifukwa matikiti otchipa ndi omwe amadula kwambiri kusintha, nthawi zina kuposa kugula ina. Kutuluka mumzinda kwa masiku angapo n'kotsika mtengo. Zilumba za Adalar zili pa nyanja ya Marmara, mumafikako pa sitima yapamadzi ya anthu wamba, ndipo pa Büyükada, chachikulu mwa izo, magalimoto a anthu saloledwa, ndiye phokoso ndi lochepa, makamaka m'kati mwa sabata. Bursa, likulu lakale la ufumu wa Ottoman, ndi Edirne komwe kuli mzikiti wa Selimiye, ndi mizinda yocheperapo yomwe mungafikeko pa basi m'maola ochepa. Mutha kugona kumeneko mausiku angapo n'kubwerera ku Istanbul kutatsala tsiku limodzi kuti munyamuke.

Pobwerera ku bwalo la ndege musadzakwerenso takisi. Kuyambira mu 2022 metro ya M4 imachokera ku Kadıköy mpaka pa Sabiha Gökçen penipeni, ndipo mumalipira ndi Istanbulkart yomweyo. Ngati ndege yanu ndi ya m'bandakucha, funsiranitu nthawi yomwe sitima yomaliza imanyamuka, ndipo usiku womalizawo mukagone mbali ya ku Asia kuti musadzawoloke mzinda wonse ndi zikwama mumdima.